Mabuku a Cikondi ca Kale

Mabuku ali mitundumitundu. Alipo mabuku ophunzitsa kulima. Alipo mabuku a zaumoyo ndi mabuku a mapemphero. Onsewa ndi abwino ndipo timawawerenga. Koma ife a sukulu ya akuluakulu kuno ku Molumbo tili ndi mabuku ena amene timawakonda koposa. Ndi mabuku osimba za mwamuna ndi mkazi amene anakondana kalekale, pa nthawi ya mafumu, ya nkhondo ndi ya cibalo. Wolemba amapeka anthu awiri okondana, nkuwaika pakati pa zinthu zimene zinacitikadi. Ife timawachula kuti mabuku a cikondi ca kale.

Anzathu, musaganize kuti timawerenga tokha kuyambira tsamba loyamba mpaka lotsiriza. Iai. Mabukuwa analembedwa m'Cipwitikizi, ndipo ambiri a ife tikali kulimbana ndi zilembo za Cinyanja. Aphunzitsi athu ndiwo amabwereka buku kwa anzao a ku sekondale. Loweruka madzulo, phunziro likatha, amawerenga mokweza masamba atatu kapena anai. Akatero amamasulira m'Cinyanja. Mwina wina amaonjezera m'Cilomwe kuti agogo amve bwino. Maina a anthu a m'nkhani amawalemba pa bolodi, ife nkumakopera m'makope. Ambiri a ife cilembo ca S tinacigwira bwino cifukwa ca mtsikana wina dzina lake Sarnau.

Sarnau ali m'buku lochedwa Balada de Amor ao Vento. Analemba bukuli ndi mai Paulina Chiziane, amene anabadwa mu 1955 ku Manjacaze, m'cigawo ca Gaza. Linatuluka mu 1990. Ndilo buku loyamba la nkhani yaitali kusindikizidwa lolembedwa ndi mkazi wa ku Mozambique. Mu 2021 maiwa analandira mphatso ya Camões, imene ili yaikulu kwa olemba m'Cipwitikizi.

Nkhani yake ili motere. Sarnau ndi mtsikana wa ku Mambone, m'mbali mwa mtsinje wa Save. Anakonda mnyamata dzina lake Mwando, amene anali kuphunzira pa mishoni kuti adzakhale wansembe. Cibwenzi cao citadziwika, Mwando anamcotsa pa mishoni. Ife tinati basi, tsopano akwatirana. Koma Mwando anamsiya Sarnau ali ndi pakati. Anakakwatira mkazi wina amene makolo anamsankhira, nati Mkristu sakhala pa mitala. Aphunzitsi atafika pamenepo, amai onse anagwira pakamwa. Amai ena anati, "Aphunzitsi, Mwando ameneyu timamdziwa. Ali m'mudzi uliwonse." Amuna anangoyang'ana pansi, ena nkumaseka.

Pambuyo pake Sarnau anasankhidwa kukhala mkazi wa Nguila, mwana wa mfumu. A kwa mfumu anapereka malowolo a ng'ombe 36. Apa ndiye panali phokoso. Abambo ena anapempha aphunzitsi kuti awerengenso, poganiza kuti sanamve bwino. Ng'ombe 36 pa mkazi mmodzi! Kuno kwathu ukwati suyenda motero. Mnyamata amapita ndi amalume ake kukafunsira. Akamlola, amamanga nyumba kwao kwa mkazi. Ana ndi a kucikazi, ndipo mwini mbumba ndi malume. Banja likatha, amene amanyamula nkhwangwa ndi bulangete nkumapita ndi mwamuna. Nanga Sarnau, pamene mwamuna wake anayamba kummenya ndi kutenga akazi ena, analekeranji kubwerera kwa amai ake?

Aphunzitsi anatifotokozera. Kumwera kwa dziko lathu, mkazi akathawa pa ukwati, abale ake ayenera kubweza ng'ombe. Ndipo kawirikawiri ng'ombezo zimakhala zitapita kale kukalowolera akazi a alongo ake. Motero mkazi mmodzi akacoka, mabanja angapo amagwedezeka. Amai athu anati mwambo wathu ndiwo wabwino. Koma agogo ena aamuna, amene akhala pa cikamwini zaka zoposa 40, anakweza dzanja ngati mwana wa sukulu. Anati, "Amai, cikamwini naco si uci. Ine mango onse amene ndinabzala ndi a alamu anga." Tinaseka mpaka misozi. Tsiku limenelo tinaphunzira kuti Mozambique ndi wamkulu. Ambiri a ife sitinafikepo ngakhale ku Quelimane, koma mtsinje wa Save tinauoloka titakhala pa benchi.

Mapeto a Sarnau ndi Mwando sitikuuzani. Tingokuuzani kuti Mwando anamtumiza ku cibalo ku Angola, ndipo ngakhale amai amene anali kumtukwana anamumvera cisoni pang'ono. Pang'ono pokha.

Buku lina ndi la bambo Mia Couto, mbadwa ya ku Beira. Dzina lake ndi Mulheres de Cinza, ndipo linatuluka mu 2015. Ndi loyamba mwa mabuku atatu a nkhani imodzi. Limasimba za masiku otsiriza a Ngungunyane, mfumu ya ufumu wa Gaza. Mfumu imeneyi inalipodi. Apwitikizi anaigwira ku Chaimite pa 28 Disembala 1895, naitengera ku Lisboa. Inafera ku zilumba za Açores mu 1906, ndipo mu 1985 bokosi la maliro ake linalandiridwa ku Maputo. Pakati pa nkhondo imeneyi wolemba anaikapo mtsikana wa mtundu wa Acopi dzina lake Imani, wa zaka 15. Imani anaphunzira Cipwitikizi kwa ansembe. Motero anamuika kukhala womasulira wa msilikali wacipwitikizi, Germano de Melo. Mlongo wake mmodzi anali ku mbali ya Ngungunyane, wina ku mbali ya azungu. Iye anali pakati, ndipo mtima wake unayamba kupendekera kwa msilikali uja.

Cimene cinatigwira mtima m'buku limeneli ndi makalata. Gawo lina amalankhula ndi Imani, gawo lotsatira ndi kalata ya Germano. Munthuyu amalemba zonse za mumtima mwake, mantha ake ndi manyazi ake omwe. Ife tinadabwa. Kodi munthu angalembe zotere pa pepala?

Pakuti makalata a makolo athu sanali otero. Amuna a kuno anali kupita ku minda ya tiyi ku Gurué ndi ku Milange. Ena anapita kutali, ku mapulazi a ku Rhodesia ndi ku migodi ya ku Joni. Ambiri sanali kudziwa kulemba. Mwamuna anali kupempha mnzake wa pa komboni kuti amlembere. Kalata ikafika kuno, mkazi anali kupita nayo kwa akatekisiti kapena kwa kalaliki wa pa sitolo. Motero kalata iliyonse inali kudutsa kwa anthu awiri apadera, wolemba uko ndi wowerenga kuno. Ndani akanachula za cikondi pa njira yotere? Anali kungolemba za moni, za msonkho, za bulangete ndi za makasu.

Loweruka lotsatira agogo ena aakazi anabwera ndi kalata yokulunga m'kansalu. Inacokera kwa malemu amuna ao, pamene anali ku Salisbury. Pa zaka zonsezi agogowa anali kukaika. Anali kuganiza kuti akatekisiti analumpha mau ena cifukwa ca manyazi. Tsopano, atadziwa zilembo, anafuna kuona okha. Anawerenga pang'onopang'ono, cala cili pa mzere. Ife tonse tinali cete. Munali moni kwa apongozi. Munali mau akuti nsalu ikubwera ndi munthu. Kotsiriza munali mau akuti asagulitse mbuzi yaikazi, ngakhale njala ikule bwanji. Basi. Akatekisiti sanalumphe kanthu. Agogo anapinda kalata yao, naseka. Anati, "Mbuzi imeneyo ndiyo anandipatsa pondifunsira. Anthu inu simungamve, koma ine ndamva."

Buku limene linatisautsa koposa ndi lina la mai Chiziane, O Alegre Canto da Perdiz, la mu 2008. Perdiz ndi nkhwali, motero dzinali likunena za nyimbo yokondwa ya nkhwali. Nkhani yake si ya kutali. Ndi ya muno m'Zambézia, ndipo mbali yaikulu ikucitika ku Gurué, pansi pa phiri la Namuli. Ife Alomwe timati makolo athu anacokera ku phiri limenelo. Aphunzitsi atachula Namuli ndi mtsinje wa Licungo, anthu anasendeza mabenchi pafupi. Ena a ife tinagulitsako nyemba ndi soya ku Gurué. Sitinali kudziwa kuti malo amene timapitako pa njinga angalowe m'buku.

Nkhani imayamba ndi mai wina, Maria das Dores, amene anampeza akusamba mu Licungo pa dooko la amuna. Anthu anamuyesa wamisala. Koma iye anali atayenda zaka zambiri kufunafuna ana ake. Kuti timvetse cimene cinamfikitsa pamenepo, buku limatibweza m'mbuyo kwa makolo ake, Delfina ndi José dos Montes. Delfina anali mkazi wokongola kwambiri. Anakula akuona kuti sukulu, shuga ndi nsalu zabwino zili ku nyumba za azungu, ndipo anazifuna. José anali munthu wakuda wogwira nchito ya ukaidi, wopanda kanthu. Anakondana, nakwatirana. Koma cikondi sicinaphike nsima. Pofuna kukondweretsa mkazi wake, José analembetsa kukhala asimiladu, ndipo analowa usipayi.

Acinyamata a m'kalasi sanali kudziwa mau awiriwa. Asimiladu anali munthu wakuda amene boma la atsamunda linampatsa cikalata comuyesa ngati Mpwitikizi. Anayenera kulankhula ndi kulemba Cipwitikizi, kusiya miyambo ya kwao ndi kukhala ndi mkazi mmodzi. Otsala onse anali pansi pa lamulo lina, la msonkho ndi cibalo, limene linathetsedwa mu 1961. Sipayi anali wapolisi wakuda wa pa boma. Za sipayi aphunzitsi sanafunike kufotokoza. Akuluakulu analanda nkhani.

Anatiuza kuti asipayi anali kufika usiku kapena mbandakuca. Anali kugwira amuna amene sanakhome msonkho, ndi ena amene anakhoma omwe, kuwamanga cingwe nkupita nao ku cibalo ca miyezi isanu ndi umodzi. Akazi anali kuwakakamiza kulima thonje, ngakhale munda wa cakudya uli ndi udzu. Wolakwa anali kummenya ndi mbalamatodya. Ici cinali cithabwa cokhala ndi cigwiriro ndi mabowo, comenyera m'manja. Manja anali kutupa, munthu osagwira khasu masiku ambiri. Cifukwa ca zimenezi mabanja ambiri anaoloka malire kupita ku Nyasaland. Ndico cifukwa cake lero tili ndi abale ku Mulanje, ku Phalombe, ku Thyolo ndi ku Chiradzulu. Kumenekonso ambiri anakapeza thangata m'minda ya azungu.

M'buku muja José anakhala sipayi woopsa. Anazunza ndi kupha anthu a khungu lake. Ndipo cimene anafuna sanacipeze, pakuti Delfina anatengana ndi mzungu. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsono panabuka mkangano. Amuna ambiri anati wolakwa ndi Delfina. Anati José anali munthu wabwino, anaonongeka ndi mkazi wosakhutira. Amai anakana kwamtuwagalu. Anati Delfina sanagwire mfuti. Anati mkazi amene akuona ana a mnzake akupita ku sukulu, ake ali ndi njala, sangamuimbe mlandu pofuna zabwino. Ena anati onse awiri anali ngati mbewa za mu msampha umodzi, ndipo wochera msampha ndi amene anaika malamulo aja. Pamenepo abambo ena acikulire, amene salankhula kawirikawiri, anaimirira. Anati atate ao anagwidwa ndi asipayi patangopita masiku atatu cikwatirire. Anabwerako akutsokomola, ndipo sanakhalenso ndi mphamvu mpaka imfa yao. Anati, "Munthu amene anamanga atate anga cingwe analinso ndi mkazi amene anali kumkonda. Kodi zimenezo zinamasula cingweco?"

Palibe anayankha. Tonse tinali kudziwa cinthu cimodzi cimene sitinacichulepo m'kalasi. Pa benchi ya kumbuyo panali mai wina wacitsikana, mdzukulu wa sipayi. M'mudzi nkhani zotere zimadziwika, koma zimanenedwa monong'ona, makamaka pamene mnyamata afuna kufunsira ku banja limenelo. Maiyo akanatha kukhala cete. Koma anaimirira, mwana ali kumbuyo. Anati, "Agogo anga anali sipayi. Nonse mukudziwa." Anasimba zimene anamva kwa amai ake. Agogowo analowa usipayi poopa kugwidwa cibalo kacitatu. Ufulu utabwera mu 1975 sanali kupita ku mowa ndi anzao, ndipo pa maliro anali kukhala patali. Usiku anali kufuula kutulo. Iye anati sakuwaikira kumbuyo. Angofuna kuti ana ake adzamve nkhaniyi kwa iye mwini, osati pa citsime.

Abambo aja anakhala kanthawi ali ciimire. Kenako anati, "Mwana wanga, mlandu suola, koma mlandu umenewu si wako. Khala pansi." Sanati akhululuka, ndipo ife sitinawakakamize. Mpaka lero sitinagwirizane za José dos Montes. Ena amati ndi womvetsa cisoni, ena amati ndi mfiti. Koma Loweruka lotsatira onse awiri anabwera, ndipo abambo aja ndiwo anafunsa kuti tinalekezera pati.

Alipo anthu m'mudzi amene sakondwa ndi mabuku amenewa. Amati ndi mabodza. Amuna ena amati adzaphunzitsa akazi ao cimasomaso. Za cimasomaso sitivutika kuyankha, pakuti cinalipo mabuku asanafike. Koma za bodza ndi funso labwino. Aphunzitsi amajambula mzere pakati pa bolodi. Mbali imodzi amalemba Zocitikadi, mbali ina Zopeka. Ife timachula, iwo nkumalemba. Ngungunyane amapita ku zocitikadi, Imani ku zopeka. Phiri la Namuli ndi mbalamatodya ku zocitikadi, Delfina ku zopeka. Nthawi zina timakangana kuti cinthu cipite mbali iti. Mwando tinamlemba ku zopeka, koma amai ena anapita okha kukamlembanso mbali inayo.

Ifenso timafunsa mafunso athu kwa olemba. Cifukwa ciani mtsikana wa m'buku amakhala wokongola kuposa onse? Kodi wa nkhope wamba sakondedwa? Ndipo anthu a m'mabukuwa amalankhula mau ambiri okoma, pamene ife timadziwa kuti wokonda mnzake kuno amangomsenzera mtolo wa nkhuni osanena kanthu. Komabe timawakhululukira. Nkhani yopanda mcere ndani angaimvere mpaka dzuwa kulowa?

Cimene timadandaula ndi ciyankhulo. Pa nthawi ya nkhondo, makamaka mu 1986, anthu ambiri a dera la Milange tinathawira ku Malawi. Pamenepo nkuti Molumbo akali pansi pa Milange, pakuti anakhala boma paokha mu 2013. Ena a ife tinaona mabuku a m'ciyankhulo cathu kwa nthawi yoyamba kumeneko, m'manja mwa ana a sukulu. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, tinabwerera, ndipo ena anabwera ndi mabuku pang'ono. Lina ndi Nthondo, limene analemba mphunzitsi wa ku Nkhoma, Samuel Josia Ntara, mu 1933. Limasimba moyo wa munthu wa kumudzi kuyambira kubadwa kwake. Limeneli timawerenga tokha, popanda womasulira, ndipo kukoma kwake ndi kwina. Mau amalowa okha ngati madzi. Koma la cikondi ca kale, losimba za kuno kwathu m'Cinyanja kapena m'Cilomwe, sitinaligwirepo.

Nkhani zake zilipo. Ena a ife tinakwatirana ku msasa wa othawa nkhondo, popanda ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Ena anayesa mwamuna wafa, nakwatiwa kwina, mwamuna uja nkudzatulukira mu 1993. Kwa ana athu amene anabadwa nkhondo itatha, zimenezi ndi kale, monga momwe cibalo cilili kale kwa ife. Motero aphunzitsi anatipatsa nchito. Aliyense afunse wamkulu wa pa banja lake kuti anakumana bwanji ndi mnzake, ndipo alembe mizere isanu. Mizere isanu si masewera kwa dzanja lozolowera khasu. Ena anatha milungu iwiri. Agogo a mbuzi aja analemba mizere isanu ndi itatu, ndipo anakana kuti wina awakonzere.

Tsopano tili pakati pa buku laciwiri la bambo Mia Couto, Sombras da Água, la mu 2016. Likuyamba Germano ali wovulala manja, ndipo Imani ndi abale ake akumtengera pa bwato kukafuna dokotala. Tinaima milungu itatu cifukwa ca kukolola nandolo, ndipo m'minda anthu anali kufunsana za Imani ngati ndi mwana wa mnansi. Amai ambiri akuti awiriwa adzakhalira pamodzi. Khotekhote ngwa njira, palinga mtima mpomwepo. Amuna akuti nzosatheka, msilikali wacizungu adzakwera sitima nkubwerera kwao. Abambo ena ndi alamu ao abecherana tambala. Aphunzitsi anawerenga kale mabuku onse atatu, koma akana kutiuza. Amai ena anayesa kuwanyengerera ndi mbale ya mbatata. Mbatata analandira, koma buku analitsekera m'cikwama mpaka Loweruka.